Kompaila Yawaka

Boma litanditumiza kusekondale ina kufupi ndi Manyamula kuti ndikaphunzitse za makompyuta, ndinapeza makina alipo ndithu, sola ili padenga, koma kiyi wa chipindacho ali m'thumba la ahedi. Bambo ameneyu kompyuta ankaiopa ngati njoka, komabe ankaivundikira ndi zitenje n'kumaonetsa alendo. Ana a folomu folo ankalemba mapulogalamu m'makope, mayeso akuyandikira, osaonapo ngakhale imodzi ikuyenda.

Chomwe chinkasowa chinali kompaila, pulogalamu yotenga zimene munthu walemba n'kuzisandutsa zoti makina amve. Ilipo yaulere. Loweruka lina ndinapalasa njinga mpaka ku Mzimba boma, ndinaitsitsa pa intaneti, n'kubwerera nayo m'kafulashi.

Ahedi anati nkhani yotere ndi ya komiti ya makolo. Pamsonkhano wa komitiyo, ine wa ku Ntcheu, wa Chitumbuka chotolera pamsika, ndinafuna kudzionetsa. Ndinakweza fulashi ija n'kunena kuti, "Ichi ntchawaka, ŵadada."

Ndinkatanthauza kuti n'chaulere. Koma liwu lomwelo limanenanso chinthu chachabechabe, ndipo makolo anamva limenelo.

Atcheya a komiti anavula magalasi. "Asambizgi, mwanena nokha kuti n'chawaka. Mbwenu tiike zawakawaka m'makina a ŵana ŵithu? Yayi. Yewo chomene, khalani pansi."

Makolowo sindiwada, anamva chimene ndinanena. Amene ndimamunyoza mpaka lero ndi mkulu wa sukulu uja. Zilankhulo zonse ziwiri amazidziwa bwinobwino, anamvetsa pomwe lilime langa linaterereka, koma anangoyang'ana kudenga, akusisita thumba la kiyi. Nditayesa kukonza m'Chichewa, anandidula kuti nthawi yatha.

Teremu yathunthu inapita. Kenako ahedi anabweretsa katswiri wawo wa ku Mzimba boma, munthu wa tayi ndi nsapato zosongoka, amene pashopu pake ntchito yeniyeni inali kuthira nyimbo m'mafoni. Anatulutsa chimbale m'bokosi lonyezimira, komiti yonse itaimirira mwaulemu. Nditasuzumira pa sikirini ndinaseka chamumtima: inali kompaila yomwe ija, yakalenso kuposa yanga.

Katswiriyo anakopera mizere isanu ya papepala kuti aonetse mphamvu. Makina anakana, n'kulemba uthenga wofiira. Anayesanso, thukuta kamukamu, kenako analengeza kuti muli vairasi. Ndinamupempha mpando. Kumapeto kwa mzere wachitatu anaiwala semikoloni, kadontho kokhala ndi mchira kaja. Nditakaika, pulogalamu inayenda, ndipo makolo anawombera m'manja munthu wa tayi. Iye anapita ndi tambala wa mphatso pakaliyala ya njinga yamoto.

Kiyi ndinamulandira kutatsala masabata atatu kuti mayeso ayambe. Ana anakhala anayianayi pa kompyuta, aliyense akutaipa ndi chala chimodzi zimene analemba m'kope. Ndipo chipinda chonse chinafiira ndi mauthenga a zolakwika. Apa bulaketi yosatseka, apo dzina lolembedwa mosiyana pamwamba ndi pansi, tinthu timene diso la munthu limalumpha koma kompaila silekerera. Zambiri mwa izo ndinali nditazichonga ndekha, n'kulembapo kuti wakhoza. Manyazi anandigwira, pamodzi ndi mkwiyo umene ndinalibe poutula.

Tinkatsala masana onse kukonza zimene tikanatha, koma zizolowezi za zaka ziwiri sizichoka m'masabata atatu. Ahedi ankadutsa pawindo kudzatikumbutsa zovundikiranso makina tikamaliza, kuopa fumbi.

Tsiku lomaliza, mtsikana amene ankakhala nambala wani m'kalasimo anabwera ndi kope lake. Pa mapulogalamu ake onse, awiri okha ndi amene anayenda osakonzedwa. Sanalire, sanakwiye. Anatsegula tsamba ndi tsamba, akundionetsa zochonga zanga.

"Aphunzitsi, ndapota, ndiuzeni zoona," anatero. "Mawa pamayeso ndilembe zimene munandiphunzitsa inu, kapena zimene makina akufuna?"

Ndinamuuza kuti amvere makina.