Sabata Imene Tonse Tinali “Iwe”

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa ofesi ina yaing'ono yothandiza alimi a mpunga, kufupi ndi dambo la Chilwa. Ndinali kalaliki, komanso womasulira kukabwera alendo. Panali bambo wina wachikulire, Msilamu wa ndevu zoyera, amene ankasunga makiyi a nyumba ya mbewu. Tonse tinkawatchula kuti a shehe, ngakhale iwo ankakana. Panali makaniko wa ku Mozambique wokonza mapampu, amene ankasakaniza Chichewa, Chilomwe ndi Chipwitikizi m'mawu atatu okha. Panalinso mayi a ku Nazombe, osesa ndi kuphika tiyi, amene pamsonkhano sankayankhula. Ankangoima pakhomo ndi ketulo m'manja.

Kenako tinalandira bwana watsopano, mayi wamtali wa ku Ulaya, wamsangala kwambiri. Tsiku loyamba anatisonkhanitsa, akuyankhula Chingerezi ine ndikumasulira. Anati kwawo pantchito palibe wamkulu kapena wamng'ono, ndipo sakufuna kumva aliyense akuwatchula kuti bwana.

“Chabwino, shefi,” anatero makaniko, monga amatchulira mabwana kwawo.

“Ngakhale shefi ayi!”

“Pepani, shefi.”

Madzulo ake bwana anandifunsa kuti anthu ofanana, ogwirizana, amaitanana bwanji m'Chichewa. Ine, pofuna kuonetsa kuti sukulu ndinapitako, ndinayankha msanga kuti amati iwe. Analemba m'kabuku kawo, n'kudula mzere kunsi kwake. Sindinafunse kuti akufuna kuchita nalo chiyani liwulo.

M'mawa mwake a shehe akutsamiritsa njinga pakhoma, bwana anatulukira akumwetulira mpaka m'makutu.

“Iwe! Wadzuka bwanji?”

A shehe anacheuka kuti aone mwana amene akupatsidwa moniyo. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu. Anayang'ananso kutsogolo, n'kukonza chipewa.

“Ndadzuka bwino, kaya inu, amayi?”

“Osati inu. Nena iwe!”

A shehe anayasamula pakamwa, koma liwulo linakana kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo ankafika pantchito podzera kuseri kwa chimbudzi, njinga atanyamula paphewa kuti tcheni chisamveke.

Amene anakondwa ndi lamuloli anali makaniko. Lachitatu anapita kunyumba ya mbewu, manja ali m'thumba.

“Iwe shehe, bweretsa kiyi. Ndi lamulo la shefi.”

A shehe anafufuza m'matumba onse modekha, n'kunena kuti makiyi sakuoneka, mwina agwera panjira. Makaniko anakhala padzuwa mpaka masana, zitsulo zake zili m'kati. Atatopa anati, “A shehe, chonde, tayang'ananinso.” Makiyi anapezeka pompo, m'thumba lomwe lija.

Zinafika poipa Lachinayi. Kunabwera amayi ena a ku Jenala, wapampando wa kalabu ya alimi, munthu wa zidzukulu. Bwana anawakokera mpando mwaulemu wonse, n'kunena kuti, “Iwe, khala pansi.” Amayiwo anakhala, koma pochoka anandikokera pambali n'kundifunsa ngati ku Ulaya kulibe makolo.

Ndinadziwa kuti ndiyenera kuwauza bwana, koma ndikanayambira pati, poti mphunzitsi wake ndinali ine? Ndinangoti mawa, mawa.

Lachisanu m'mawa tinali ndi msonkhano, a shehe asanapite kumzikiti. Bwana anafunsa ngati tonse tikusangalala ndi kufanana kwathu. Mwadzidzidzi mayi a tiyi aja anaika ketulo patebulo.

“Mwana wanga,” anatero akuyang'ana ine, “uwauze zonse, usadumphe. Ine ndimasesa, a shehe amasunga makiyi, koma chiyambire iwo amanditi inu, inenso ndimawati inu. Ngati tikufuna kufanana, bwanji osakwezana tonse? Iwe timauza ana, kapena munthu amene unkasamba naye kumtsinje muli aang'ono.”

Ndinamasulira zonse, osadumpha.

“Sindinamalize,” anapitiriza. “Kaya iwe, kaya inu, tiyi ndimamwa ndine pomalizira, atazizira, ndili chiimire pakhomo. Kufanana kwake kuyambire pamenepo.”

Bwana anafiira ngati phwetekere. Anatsegula kabuku kaja, n'kuyang'ana liwulo, kenako anafunsa chifukwa chake palibe anawauza sabata yonse. A shehe anayankha kuti ankadikira kuti amene anaphunzitsa akonze yekha. Maso onse anagwera pa ine. Ndinavomera, ndipo makaniko anaseka mpaka kutsokomola.

Bwana anaimirira, n'kupita pamene panakhala a shehe, manja atagwirizanitsa monga anaonera kwa alimi.

“Pepani, abambo. Mu-ndi-khu-lu-lu-ki-re.”

“Zatha, amayi,” anatero a shehe. “Komatu Chichewa mukuchitha.”

Tsiku lomwelo tinabweretsa mpando wachisanu, ndipo tinagwirizana kuti tiyi tiziphika mosinthana, aliyense tsiku lake. Makaniko anayesa kukana, amvekere kwawo mwamuna sagwira ketulo pantchito. Mayi a ku Nazombe anamukumbutsa kuti kwawoko ndi kuseri kwa phiri basi, ndipo ali ndi achibale kumeneko amene amuna awo amaphika bwinobwino. Anagonja. Tiyi wake ankanunkha dizilo, koma tinkamwa. Wa a shehe ankadzaza shuga mpaka sipuni kuima yokha. Wanga sindinena.

Vuto linali Lachiwiri, tsiku la bwana. Ankaphika tiyi wopanda shuga, wopanda mkaka, n'kuponyamo timasamba tina tonunkhira ngati mankhwala a chifuwa. Tinapirira milungu itatu. Wachinayi, a shehe anapempha mwaulemu, m'malo mwa tonse, kuti Lachiwiri lokha kufanana kuzipumako. Bwana anaseka, koma anakana. Anangolola kuti shuga azikhala patebulo.

Liwu loti iwe lija bwana analiopa mpaka kalekale. Tsiku lina nkhuku ya anthu oyandikana nafe inalowa mu ofesi n'kukwera pamapepala. Ndinamva bwana akuiuza, akuloza kukhomo, “Tulukani, chonde. Tulukani, amayi.”