Kamtsempha ka Pansi pa Lilime

Tili giredi 3 kusukulu kwathu ku Chinyunyu, tonse tinkadziwa kuti Chizungu sichituluka m'kamwa mwa munthu pokhapokha atamudula kamtsempha ka pansi pa lilime. Anatiuza ndi mtsikana wina wa giredi 7, amene ankatama Lusaka ngati kwawo, chonsecho anangopitako kamodzi kokha kukazulitsa dzino. Anati akakudula, Chizungu chimangosefukira chokha, koma chiyankhulo chathu cha Chisoli ndi Chinyanja zimathawiratu, osabwereranso.

Mpeniwo ndinkauopa, inde, koma chimene chinkandisowetsa mtendere ndi amayi. Iwo Chizungu sankachidziwa ngakhale liwu limodzi. Ndikadzamva njala, kapena mutu ukadzandipweteka, ndidzawauza bwanji?

Lachitatu lina galimoto yachipatala inaima pansi pa mtengo wa mango. Munatsika manesi awiri atanyamula bokosi loyera. Aphunzitsi anatseka chitseko n'kutiimika pamzere. Anyamata awiri anadumphira pawindo, liwiro la mtondo wadooka. Ine ndinatsala pamzere.

"Tsegula kamwa, mwana iwe. Uyopa chani?" anatero nesi.

Ndinatsinzina. Ndinamva chala chozizira pachibwano, kenako kanthu konga choko palilime. Anali mapiritsi a njoka zam'mimba, koma zimenezo ndinazimvetsa patapita zaka. Tsiku limenelo ndinangoti basi, andidula, ululu ubwera pambuyo.

Njira yonse pochokera kusukulu sindinayankhule ndi munthu. Ngakhale malovu ndinkameza mosamala. Amayi ndinawapeza m'mbali mwa msewu waukulu, pathebulo pawo pogulitsira masuku. Anandilonjera m'Chisoli, ine chete. Anafunsa ngati ndadwala, ine chete, misozi ili chuchuchu. Ndinkaopa kuti ndikangoyasamula mutuluka mawu achilendo, amayi n'kundiyang'ana ngati mwana wa eni.

Atandigwedeza phewa mwamphamvu, mawu anatuluka okha, ndipo anali Chisoli chathu chomwe chija. Ndinawakumbatira m'chiuno n'kuwafotokozera zonse, ndikusisima.

"Musadandaule amayi, sanandidule. Ine Chizungu sindizakamba, olo pang'ono."

Ndinkaganiza kuti asangalala. Iwo maso anali pa galimoto ina imene inali itangonyamuka kumene osagula kanthu, chifukwa mayi wa m'galimotomo ankangoyankhula Chizungu chokhachokha, amayi anga n'kumangomwetulira ngati munthu wogontha. Anaiyang'ana mpaka inakhota. Kenako anachotsa manja anga m'chiuno mwawo.

"Mawa ubwerere akakudule," anatero.

Ndinadikira kuti aseke, koma sanaseke.