Dzina Lisanatchulidwe Sindiyambitsa

Mayi a ku Turkey amene ndinkawasamalira ku Fereej Bin Omran, dera lina la mumzinda wa kunja kumene ndimagwira ntchito, sindinkawakonda, ndipo nawonso sankabisa kuti ndimawanyansa. Ndine namwino, koma ankandituma ngati wantchito wawo wapakhomo. Sitiroko inawapha dzanja lamanja n'kuwasiyira pakamwa, mwatsoka langa.

Kale ankaphunzitsa nyimbo zakwawo za m'nthawi ya mafumu a Chiotomani. Anali ndi mwambo wotopetsa: nyimbo isanayambe pafoni, ankatchula kaye amene anaipeka. Ambiri amene ankawatchula anali akazi, ena okhala kunyumba ya mfumu, omwe anafa kalekale. Ndikatsegula nyimbo dzina lisanatchulidwe, ankandikalipira ngati ndaba.

Tsiku lina ndikuwasisita miyendo ndinayamba kung'ung'udza.

"Ndi ya ndani imeneyo?" anandifunsa.

"Ndinapeka ndine. Timaimba kukwaya yathu ya Amalawi."

"Amakutchula?"

"Ndi ya Mulungu, mayi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mulungu sanavutike nayo ndime yachiwiriyo. Ndiwe chitsiru."

Zinandipweteka chifukwa sankanama. Mkulu wa kwaya yathu, bambo wina wolondera pahotela, nthawi zonse ankati, "Nayi nyimbo imene Ambuye anandipatsa." Iyeyo, munthu woti akatsegula pakamwa kwaya yonse imasochera.

Lachisanu tinasonkhana m'chipinda china ku Al Mansoura, kunalinso alendo ongobwera kumene kuchokera kumudzi. Mkulu uja atangonena mawu ake aja, ndinaimirira.

"Pepani abambo, nyimboyi ndinapeka ndine. Mutchule kaye dzina langa, kenako ndiyambitse."

"Sisita, kuno si kukonsati," anatero. "Ena tili ndi mashifiti. Tiyeni, yambitsani."

Amayi anzanga onse anagwetsa nkhope, ngakhale amene ndinawaphunzitsa ndekha nyimboyo kukhitchini kwanga. Palibe anandiikira kumbuyo, ndipo zimenezo sindinawakhululukire mpaka lero. Ndinanyamula chikwama n'kutuluka. Ndikumva kuti amaiimbabe, ndime yachiwiri akuiphonya. Aziiphonya choncho.

Nditawafotokozera mayi aja ndinkayesa andiyamikira. Anangodandaula kuti tiyi wazizira, kuti ndimawapatsa dala madzi otsukira mbale. Ndinawaphikira wina ndikutukwana chamumtima.

Atamwa anati, "Imba chinyimbo chako chija."

Nditangokoka mpweya anakweza dzanja lamoyo lija kuti ndidikire. Anayang'ana kukhoma, ngati kuli anthu odzaza holo, n'kutchula dzina langa lonse. Analitchula mokhota, moipa kwambiri. Sindinawakonze. Ndinayambitsa.