Umboni Wanga wa Mchere

Tiyamike, mwana wa mlongo wanga, ndi dokotala wofufuza matenda a mtima. Wakhala akutiphunzitsa kuno ku Namitete kuchepetsa mchere. Akuluakulu ake atabwera kudzaona ngati ntchitoyo ikuphula kanthu kapena aitseke, Tiyamikeyo anasankha ine kukhala mboni.

Ndinaimirira n'kunena kuti mchere ndinausiya kalekale, moti ndikakumana nawo pamsika ndimaufunsa dzina. Chonsecho m'mawa womwewo ndinali pachiwaya, ndikuviika nyama ya nkhumba mumchere mpaka wokazingayo anabisa mbale.

Mayi wina mwa alendowo anatulutsa makina oyezera kuthamanga kwa magazi.

"Tikuyezeni, bambo?"

Makinawo anandifinya mkono n'kulira ngati mbuzi. Sindikuwonjezera, mayiyo ataona manambala anapempha mpando.

"Mboni yake ndi imeneyi, eti?"

M'malo moulula, ndinaloza Tiyamike, mwana wa eni. "Mwina sanandiphunzitse bwino."

Ntchito sanaitseke, ati vuto lidakali lalikulu. Tiyamike sanakalipe.

"Amalume, Lolemba mubwere ndi azakhali, ndiyambirenso phunzirolo iwo akumva."

Ndikulumbira, ndiwo zimene akazi anga amaphika tsopano zimakoma ngati madzi a mvula.