Mapiritsi M'mfundo ya Chitenje

Chaka chomwe abwana anasamuka ku Zomba kutsata likulu, anabwera ndi khukhi wawo wakale, koma wam'munda anamupeza konkuno. Wam'mundayo anali amuna anga. Tinachoka kumudzi n'kukalowa m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu ku Eriya 11, komwe nthawi imeneyo kunali fumbi lofiira, zitsa ndi mathirakitala okhaokha. Kanyumbako kanali ka malata, pansi pa simenti, mpopi pakhomo pomwe. Ine ndinalumbira mumtima kuti pano sindichokapo, ngakhale andikoke.

Chomwe abwana sanadziwe n'chakuti amuna anga anali ndi khunyu. Mwezi uliwonse ndinkatsika wapansi mpaka kutauni yakale, kuchipatala, kukawatengera timapiritsi toyera totchedwa fenobabitoni, tokulunga m'kapepala. Adokotala anandiuza mobwerezabwereza kuti azimwa tsiku ndi tsiku, ndipo kusiya mwadzidzidzi n'kuputa ngozi. Ndinkawapatsa ndine, ndi dzanja langali. Zaka ziwiri zinatha osagwa.

Vuto la mapiritsiwo linali tulo. Kawiri konse adona anawapeza akusinza pansi pa mtengo, paipi ili m'manja, madzi akungotayika. Khukhi uja, munthu wa pakamwa ngati lumo, yemwe ankafunira mphwake ntchitoyo, anawanong'oneza adona kuti ndi kachasu. Kachasu wake uti, munthu wosalawa ngakhale thobwa losasa? Adona anati kachitatu tipakire.

Ndiye ndinachita zanga zanzeru. Ndinawauza amuna anga kuti adokotala ati apumuleko kaye mankhwala. Linali bodza lamkunkhuniza, koma iwo anali munthu wofatsa, wosadziwa kukayikira mkazi wake. Mapiritsiwo ndinawamanga m'mfundo ya chitenje changa. Masiku anayi anagwira ntchito ngati anthu awiri, anazula zitsa zitatu, adona mpaka anawapatsa malaya akale a abwana. Ine mtima unali m'malo, ndikudziyesa wochenjera.

Tsiku lachisanu masana ankatentha udzu ndi zitsa kuseri kwa garaja. Ndili kuchapa, ndinamva mfuu ija, yomwe ndinkaidziwa kuyambira kumudzi. Ndinathamanga thovu lili m'manja. Ndinawapeza atagwera pamulu wa moto cham'mbali, dzanja lamanja lili m'makala, thupi lonse likuphiriphitha, mutu ukumenyeka pachitsa. Malaya a abwana aja anali akuyaka.

Anthu analipo. Khukhi, mlonda wa nyumba yoyandikana nayo, ndi amisiri awiri omanga mpanda. Amuna anayi athunthu, ataima patali, atatseka mphuno ndi malaya. Paja kwathu amati wakhunyu akaphwisa, iwe n'kupuma mpweyawo, watenga nthendayo. Ndiye anasankha kuonerera mnzawo akuwotcheka ngati mbewa, bola mphuno zawo.

Amuna angawo ndinawakoka miyendo, n'kuzimitsa malayawo ndi zovala zonyowa. Nditagwira dzanja lija, khungu linatsalira m'manja mwanga. Fungo lake sindidzaliiwala mpaka kumanda. Ndinawagoneka cham'mbali monga anandiphunzitsira adokotala, magazi ndi thovu zikutuluka m'kamwa. Apo khukhi anandiponyera supuni ali patali pomwepo, akuti ndiwaike pakati pa mano, kenako anatembenukira kwa anzake.

"Mwaonatu. Tikudyera pamodzi ndi munthu wotere, osatiuza."

Mpini wa khasu unali pafupi. Sindikumbuka kuutola, ndikumbuka kulira kwake pakamwa pa khukhiyo. Mano awiri anagwera m'phulusa. Ndinamubwereza paphewa, pamsana, atagwa ndinamuponda pamimba, ndikumutukwana iye ndi kwawo komwe. Mlonda anandigwira kumbuyo, ndinamuluma pamkono mpaka ndinamva mchere wa magazi. Ndinkafuna kupha munthu tsiku limenelo, ndipo ndinkadziwa bwino kuti amene ndikumenyayo si wolakwa wamkulu.

Amisiri aja pondikoka, chitenje chinavuka, mfundo inamasuka, mapiritsi onse n'kumwazika. Paphulusa lakuda ankaoneka mbee. Amuna anga anali atayamba kutsitsimuka, tsaya lili pansi, maso ali pa timapiritsito. Sanachotsepo maso kwa nthawi yaitali.

Abwana anawatengera kuchipatala pa galimoto yawo, ine ndili kumbuyo nditawapakata. Mawa lake adona anandiitana pakhonde. Anati nthenda akanatha kuimvetsa akanauzidwa, koma mkazi wogulula anthu mano sangamusunge pampanda pawo. Katundu wathu yense anakwana m'beseni ndi m'thumba limodzi. Mphwake wa khukhi analowa m'kanyumba kanga sabata isanathe.

Amuna anga kuchipatala anagonako miyezi iwiri. Dzanja linapola zala zitapindikira mkati, losagwiranso khasu. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala, anandifunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Mayi, kodi adokotala ananenadi zoti ndipumule?"

"Ayi, bambo. Ndinanena ndine."

Sanandikalipire, sanandimenye, ngakhale ndinkalakalaka atatero. Tinakhala limodzi zaka zambiri pambuyo pake, tinabereka ana awiri, ankadya chilichonse chomwe ndaphika. Koma mapiritsi ankasunga okha m'thumba la malaya. M'mawa uliwonse ankalimbana ndi kapepala kaja, kukamasula ndi mano ndi dzanja lamanzere, nthawi zina piritsi n'kugwa pansi. Ndikati ndiwatolere, ankaliphimba ndi phazi mpaka nditachokapo.