Chitseko cha Apongozi Anga

Nthawi ya nkhondo ndinkaphikira shefe, bwana wa Chipwitikizi, ku Chifunde. Anthu akufa m'tchire, dona wake anaumirira kukaona mapiri ndi zojambula za Akafula m'mapanga. Ine anandikweza kumbuyo kwa galimoto ya jipe, nditafungatira dengu la nkhuku yootcha, ndikutsinako mobisa.

Pachitunda tinakumana ndi anthu amene asilikali ankawakusira ku aldeyamentu, mudzi wotchingidwa ndi waya. Pakati pawo panali apongozi anga aakazi, atasenza chitseko cha nyumba yawo yotenthedwa.

Dona anakuwa kuti jipe iime, kamera ili m'manja. Ati phiri, nkhalamba ndi chitseko, chithunzi chokongola bwanji! Anandifunsa ngati ndikuwadziwa.

Mkamwini weniweni amapatuka panjira n'kunjuta. Ine ndinapukusa mutu, milomo ili noninoni ndi mafuta, n'kukaima pamaso pawo penipeni.

"Mayi inu, akuti musekerere."

Anasekereradi, mano onse pamtunda. "Auzeni ajambulenso galu wawoyu," anatero akundiloza.

Dona anafunsa zimene anena. Ndinati akuthokoza.

Nkhondo itatha, chitseko chija anachiika panyumba yatsopano. Nkhuku zinkalowa, mbuzi zinkalowa. Ine ndinkalonjeredwa panja mpaka tsiku limene tinatulutsa maliro awo.