Nesi wa ku Fiyeta pa Layini-apu Yathu

Ine foni siichoka m'manja, olo nikudya, so munthu wamene angakhomele foni mu loka kuchokela m'mawa mpaka dzuwa kupendeka nimamupatsa ulemu. Mnzanga wamene tinakulila pa yadi imodzi ku Matero ni wa so. Ni nesi wa ku fiyeta, kuja bamachita opaleshoni, ndiye amapatsa dokota visulo akatambasula dzanja. Akangolowa muja, basi, mungamutumile meseji mpaka vala kuwawa, zii.

Chinali chaka chija unga unakwela mpaka tinayamba kugula tumapaketi tung'onotung'ono twa pamela, malaiti kuyenda tsiku lonse. Banesi bambili banali batathawila kunja, botsala kumagwila nchito ya banthu bangapo. Ndiye chaka chomwecho mnzathu wina anati akwatiwa, ise banzake tonse pa layini-apu, baja bovina polowa mu holo. Botiphunzitsa banali ba anti bake ba mkwatibwi, tinali kubaitana bamatroni, ndipo lamulo lawo linali limodzi: wojomba achoka.

Nesi wathu anajomba, anajomba futi.

"Uyu dokota wanu ali kuti lelo?" bamatroni kufunsa, manja m'chiuno.

"Ali ku nchito, anti."

"Ise ndise malova, ai?"

Ine ninati mnzanga sachoka nikalipo. Ninayamba kuimilila kutsogolo kwa bovina, kujambula masitepu yonse, kumutumila. Iye anali kuyaphunzila mu kachipinda kosinthila vovala. Tsiku lina ananitumila mau akuseka mpaka kutsamwa, ati, "Iwe, dokota wanipeza nikutyola chiuno na vijombo va mu fiyeta, wangotseka chitseko pang'onopang'ono!"

Tsiku la kuyeseza kothela, mkwatibwi ananikokela pambali, maso yofiila. "Akapanda kubwela lelo, anti baika kazini wanga. Pita ukamutenge, mwandi. Nifuna avine pa ukwati wanga."

Ninakwela minibasi. Ku chipatala ninakhala pa benchi mu khonde, batile ya foni ikutha nikuiona. Mwamwayi anatuluka, vovala vake vobiliwila, chisote chamudinda mzele pamphumi, shifiti yatha.

"Tiye, tiye, tiye!"

"Imilila," iye anatelo, nkutulutsa mu thumba gilavu yomanga pakamwa. Mukati munali mikanda ya m'chiuno, yofiila na yoyela, yakale.

Inali ya bamai bena bochokela ku Kanyama, bamene banali na chotupa m'mimba. Ku fiyeta sulowa na chilichonse pathupi, olo ndolo. Bamai baja banavomela mpeni, koma batauzidwa kuti bavule mikanda, banakhala tsonga pa tolole, kabedi ka mawilo kaja, ati nibwelela kunyumba. Banabamanga ni balangizi pokwatiwa, sibanavulepo, ati bamuna banga bakanipeza nilibe nikakamba chani? Mnzanga anabagwadila, anabalonjeza kuti sadula chingwe, asunga yekha, ndipo azabamanga yekha bodzaona bodwala basanalowe. Manje opaleshoni inali yatha bwino, koma bamai banali basanatsitsimuke.

"Patsa nesi wina, iwe! Bakuchotsa pa layini-apu!"

"Wina azaika mu dilowa, mawa apite ku ofu. Ninalonjeza ni ine."

Ninafuna kutumila mkwatibwi, foni phi, yazima. Ninangoima pa chitseko cha wodi, manja yalibe chogwila, nikumuyang'ana. Anakhala pambali pa bedi, mapazi yotupa atayatulutsa mu nsapato, akuyang'ana dilipu, akupukuta bamai pamphumi. Sanayang'ane wochi olo kamodzi, pamene ine maso yanali pa wochi ya pa khoma monga ukwati ni wanga.

Bamai batatsegula maso, dzanja linathamangila m'chiuno basanafunse olo madzi. Mnzanga anakoka katani, ine kumva chabe mau.

"Ili apa, bamai, gwilani. Pa chilonda siingakhale, so nizakumangani pa mkono pamwamba, mukati mwa gauni. Palibe azaona. Chilonda chikapola mubweza pamalo pake."

Kenaka kamau kofooka: "Mwana wanga, Mulungu akupatse mwamuna wabwino."

"Bamai, muuzeni ayambe kunipatsa tulo."

Bamai baja banaseka, nkubuula chifukwa cha chilonda, mnzanga kubakalipila kuti basaseke, bonse bakuseka futi. Anatuluka mu katani muja nkhope ikuwala monga wadya nkhuku yekha. Ine nili pano nikuuzani, sininaonepo munthu wolema so koma wokondwa so.

Tinafika ku Matero dzuwa likulowa, kazini ataima kale pamalo pa mnzanga. Bamatroni banayang'ana mnzanga kuyambila kumutu mpaka ku nsapato.

"Vina kamodzi. Ukaphonya, ku ukwati ukadye chabe keke."

Sipika ya batile inayamba. Banthu inu! Munthu sanabwelepo koma sitepu iliyonse ali nayo, chiuno chofewa kupambana tonse. Koma pofika potembenuka, ise kumanja, iye kumanzele, gu! mutu wake pa mutu wanga. Tinayesa futi, gu! Apo m'pamene tinazindikila: ninali kujambula nili kutsogolo, iye kukopela monga pa galasi, vonse anaviphunzila mozondoka. Basikana banagwa pansi na kuseka, wina mpaka kuthamangila ku chimbuzi.

Bamatroni sibanaseke. "Wachoka."

Mkwatibwi anavula nsapato zake zoyesezela, nkukhala pa kileti. "Anti, akachoka uyu, na ine nilowa mu holo nikuyenda chabe. Pamene bamai banga banadwala, ni uyu anali kubasambika."

Bamatroni banapuma mokoka, banayang'ana kumwamba monga bakufunsa Mulungu chamene banalakwa. "Kazini akhala kutsogolo, sinisintha. Iwe dokota, kumbuyo kwenikweni. Ugwile uyu wa foni m'chiuno, kwamene apita na iwe upite, mpaka miyendo iphunzile."

Tinavina so, iye atanigwila monga ngolo, akuninong'oneza, "Kumanja ni uku, ai?"

Pa ukwati anavina kumbuyo, pafupi na chitseko, foni ataibisa mu bula chifukwa anali pa kolo, ku chipatala bangamuitane nthawi iliyonse. Anati malo yaja ndiye yabwino, bakamuitana atuluka osasokoneza munthu. Sibanamuitane. Anatembenukila kumanja pamodzi na tonse, mkwatibwi anacheuka pakati pa nyimbo kumufunafuna, atamuona anakuwa dzina lake mpaka bamatroni kumutsina.